Kuikiza Si Kupatsa: Za Ziweto Zimene Eni Ake Sabwera Kudzatenga

Ku Britain miyezi ya Julaye ndi Ogasiti ndi nyengo yotentha. Sukulu zimakhala zitatsekedwa, ndipo mabanja ambiri amanyamuka kupita kutchuthi, ena m'mbali mwa nyanja, ena kunja kwa dziko. Galu kapena mphaka wa pakhomo kawirikawiri satengedwa paulendo wotere. Chifukwa cha ichi kumeneko kuli malonda amene kwa ambiri a ife angamveke achilendo, malonda osunga ziweto za anthu molipiritsa. Mwini chiweto amafika nacho pagalimoto, naonetsa khadi la katemera, nalemba dzina lake, keyala ndi nambala ya lamya, nanena tsiku limene adzabwere, basi ulendo. Malipiro amawerengedwa patsiku monga zimakhalira kunyumba zogona alendo. Makola otere satsegulidwa popanda chiphaso cha khonsolo. Lamulo la zimenezi lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1963, ndipo ku England lidalowedwa m'malo ndi malamulo atsopano m'chaka cha 2018.

Anthu ochuluka amabweradi patsiku limene adanena, nalipira, natenga chiweto chawo. Koma alipo ena amene sabwera. Tsiku lija limafika ndi kudutsa. Mwini khola aimba lamya, palibe woyankha. Alemba kalata, kalatayo ibwerera. Nthawi zina amapeza kuti keyala imene idalembedwa pafomu inali yabodza, kusonyeza kuti munthu uja pamene ankasisita galu wake pachipata n'kunena kuti tionana pakatha masabata awiri, mumtima mwake anali atatsazika kale.

Tisaiwale kuti mwa osabwerawo muli ena amene adagwa m'ngozi, adagonekedwa m'chipatala, kapena adamwalira paulendo pomwepo. Amenewo nkhani yawo ndi ina. Ife tikunena za munthu wamoyo, wanzeru zake, amene waona kuti chiweto chamutopetsa ndipo wasankha njira imeneyi. Amaisankha chifukwa njopanda manyazi. Akapita kumabungwe olandira ziweto zosowa pokhala, amafunsidwa mafunso, amauzidwa kuti malo adzaza ayambe wadikira, ndipo amayenera kunena ndi pakamwa pake kuti galu uyu sindikumufunanso. Akamutaya pamsewu, anthu amuona. Koma akamusiya kukhola lolipira amapita kwawo mtima uli m'malo, akudziuza kuti chiwetocho chili pabwino, chikudya. Chikudyadi, koma chikudya za yani?

Vuto lotsalira wosunga

Malamulo a ku England amatenga chiweto ngati katundu wa mwini wake. Galu wopezeka akuyendayenda mumsewu amasungidwa ndi khonsolo masiku asanu ndi awiri, ndipo mwini wake akapanda kuoneka angathe kuperekedwa kwa munthu wina. Galu wosiyidwa m'khola lolipira si wosokera. Mwini wake ngodziwika, dzina lake lili pafomu. Kotero wosungayo sangangodzuka n'kumupereka kwa wina. Ayenera kuyamba wayesetsa kumupeza mwiniyo ndi kumudziwitsa mwa kalata, monga likunenera lamulo la 1977 lokhudza katundu wosiyidwa m'manja mwa ena, kapena kutsatira zimene adagwirizana papepala. N'chifukwa chake makola ambiri amalemberatu m'pangano lawo kuti chiweto chikapanda kutengedwa pakapita masiku akutiakuti adzachifunira malo ena. Masiku onsewo chakudya chikugulidwa, wantchito akusesa ndi kulipidwa, dokotala wa ziweto akuitanidwa, ndipo chipinda chimene chikadabweretsa ndalama m'nyengo ya malonda chatsekeka.

Nacho chiweto chimavutika. Makola amenewa adamangidwa kuti galu akhalemo sabata imodzi kapena awiri, osati miyezi. Galu wozolowera anthu akakhalitsa m'kachipinda amayamba kukana chakudya, kuuwa kosalekeza, kapena kumangozungulira pamalo amodzi. Mphaka amabisala pakona osafuna kukhudzidwa. Ndipo pamene chilolezo chomupereka kwa ena chapezeka, anthu ofuna ziweto amathamangira tiana. Wokalamba, wa mano othothoka, wofuna mankhwala mwezi ndi mwezi, amadikira nthawi yaitali, ndipo wotereyu ndi amenenso eni ake amafulumira kumutaya.

Boma la kumeneko lidayesa kutseka mipata. Lamulo la 2006 losamalira nyama ku England ndi Wales limanena kuti mwini chiweto nthawi zonse amawerengedwa kuti ali ndi udindo pa icho, ngakhale chili m'manja mwa wina, ndipo ngati chiwetocho n'cha mwana wosafika zaka 16, udindowo uli pa kholo. Kuyambira 2016 galu aliyense ayenera kuikidwa pansi pa khungu kachipangizo kotchedwa microchip, kakang'ono ngati njere ya mpunga, kamene nambala yake imalozera dzina ndi keyala ya mwini wake, ndipo ku England amphaka adalowa m'lamuloli mu Juni 2024. M'chaka cha 2021 chilango chachikulu cha nkhanza zoopsa kwa nyama chidakwezedwa kufika zaka zisanu m'ndende. Komabe munthu akasamuka osakasintha keyala yake m'kaundula, kachipangizoko kamangoloza nyumba imene muli anthu ena.

Chikomekome cha mkuyu

Gwero la zonsezi lili patsiku logula. Kamwana ka galu kapena ka mphaka n'kosangalatsa, ana akakaona amalira kuti kagulidwe, ndipo makolo amagonja. Palibe amene amakhala pansi kuwerengera zaka. Galu amakhala zaka 10 mpaka 13, ena kupitirira. Mphaka wosamalidwa bwino amafika zaka 15, ena mpaka 20. Bulu amapitirira zaka 30. Chinkhwe chotuwa cha kunkhalango za pakati pa Africa, chija chimatsanzira mawu a anthu, chingathe kukhala zaka 40 kapena kuposa, ndipo kamba angathe kuika m'manda amene adamugula. Mwana amene adalirira mphaka ali mu Sitandade 3 adzamaliza Fomu 4, n'kukwatira kapena kukwatiwa, mphaka uja akadafunabe chakudya m'mawa uliwonse.

M'chaka cha 1978 bungwe la ku Britain limene tsopano limatchedwa Dogs Trust lidayamba kulengeza uthenga wakuti galu asagulidwe ngati mphatso ya Khirisimasi chabe, popeza adzafuna chisamaliro moyo wake wonse. Uthengawo ngotchuka kwambiri kumeneko, koma sudathetse vutoli. Nthawi ya mliri wa Covid-19, anthu atatsekeredwa m'nyumba, bungwe la makampani opanga zakudya za ziweto lidalengeza mu 2021 kuti mabanja okwana 3.2 miliyoni adapeza chiweto chatsopano chiyambire mliriwo. Kenaka maofesi adatsegulidwa, mitengo ya zinthu idakwera, ndipo m'chaka cha 2022 a Dogs Trust adalandira mapempho opitirira 50,000 a anthu ofuna kupereka agalu awo. Amenewo tiwayamikire ndithu, pakuti adabwera poyera nanena kuti zatikanika. Iwo ndi osiyana kutali ndi aja olemba keyala yabodza.

Shariya ikuti chiyani?

Abale ndi alongo, nkhani imeneyi si yachilendo m'mabuku athu a Fiqh. Ma Ulama adaiika m'mutu wa nafaqa, mutu womwe uja umene umafotokoza za udindo wa bambo wodyetsa ndi kuveka mkazi ndi ana ake. Kumapeto kwa mutuwo kumabwera ziweto. Imam An-Nawawi, amene adamwalira m'chaka cha 1277 ndipo mabuku ake ndi mizati ya mazhabu ya Imam Shafi'i imene Asilamu ambiri kuno amatsata, adafotokoza kuti mwini chiweto ali wokakamizidwa kuchidyetsa ndi kuchimwetsa. Akakana, ngati chili chiweto chodyedwa, woweruza amukakamize kusankha chimodzi: achidyetse, achigulitse, kapena achizinge. Ngati sichidyedwa, achidyetse kapena achichotse m'manja mwake kupita kwa amene angachisamale. Akaumirabe mutu, woweruza ali ndi mphamvu yogulitsa katundu wa munthuyo kuti chiweto chidye. Imam Abu Hanifa adaona kuti munthuyo alamulidwe pakati pa iye ndi Allah popanda bwalo kumukakamiza, koma wophunzira wake Abu Yusuf adagwirizana ndi ma Imam enawo. Pa zoti kusiya chiweto ndi njala ndi tchimo, palibe amene adatsutsa.

Taonani kuti Shariya sikumumanga munthu kuti afe nacho chiweto chimene sangathe kuchisamala. Makomo otulukira alipo ndipo ngotsegula. Umphawi ungathe kubwera, matenda angathe kubwera, mwini nyumba ya lendi angathe kukana ziweto. Chimene palibe pa makomo onsewo ndi kungozimiririka, kusiya chamoyo m'manja mwa munthu amene akuganiza kuti mubwera Lachisanu.

Sheikh wina wamkulu wa nthawi yomweyo, Izz ad-Din ibn Abd as-Salam, amene adamwalira ku Cairo m'chaka cha 1262, polemba za maufulu a nyama pa munthu adatchula mfundo imene ikugunda penipeni pa nkhani yathu. Iye adafotokoza kuti chisamaliro sichitha ngakhale nyamayo itakalamba kapena kudwala mpaka kusapindulitsanso kanthu. Galu amene adalondera pakhomo zaka khumi, lero maso achita ng'ala, sanataye gawo lake la chakudya. Bulu amene adakoka ngolo mpaka msana kupindika ali ndi ufulu wa msipu ndi madzi mpaka tsiku lake.

Maziko a zonsezi ndi hadisi imene ana athu amaphunzira kumadrasa, yopezeka m'mabuku a Bukhari ndi Muslim, ya mayi amene adalowa kumoto chifukwa cha mphaka. Mayiyo sadamumenye mphakayo, sadamuponye m'madzi. Adangomutsekera, osamupatsa chakudya, osamumasulanso kuti akadzisakire yekha, mpaka adafa. Tchimo lake lidali la kusachita kanthu. M'buku la Abu Dawud mulinso nkhani ya ngamira ya munthu wina wa ku Madina imene itaona Mtumiki (S.A.W.) idalira misozi. Mtumiki (S.A.W.) adaisisita mpaka idatonthola, kenaka adafunsa mwini wake, ndipo atapezeka adamudzudzula kuti aope Allah pa nyama imene Allah adaiika m'manja mwake, popeza ankaigona ndi njala ndi kuigwiritsa ntchito mopyola muyeso. Chinthu choyamba chimene Mtumiki (S.A.W.) adafuna kudziwa ndi dzina la mwini ngamirayo.

Ena amamva hadisi ya mphaka ija nati, ndiye kuti kumasula n'kololedwa, tikamutaya kutali ndi kwathu palibe mlandu. Tiyeni tidekhe pang'ono. Mtumiki (S.A.W.) atafunsidwa za ziweto zosokera adasiyanitsa. Ngamira adati isiyidwe, popeza imapirira ludzu, imayenda mtunda wautali ndi kudya masamba a mitengo mpaka mwini wake aipeze. Nkhosa adati itengedwe, chifukwa ikasiyidwa idyedwa ndi chilombo. Muyeso wake ndi wakuti kodi nyamayo ingathe kudzisamala pamalo pamene yasiyidwapo. Mphaka wobadwira m'nyumba, amene sanagwirepo khoswe, akatayidwa kumsika ali ngati nkhosa ija.

Milandu iwiri pamutu umodzi

Wosiya chiweto kukhola lolipira walakwira chiweto, walakwiranso munthu. Katundu woikizidwa amatchedwa wadi'ah, ndipo ndi amana. Ma Ulama a mazhabu ya Shafi'i adanena kuti munthu amene wasungitsidwa chiweto ayenera kuchidyetsa ngakhale mwini wake sadatchule za chakudya, ndipo ngakhale mwiniyo atamuletsa, kuchisiya kuti chife ndi njala kukhalabe tchimo, chifukwa moyo uli ndi ulemu wake. Tsono onani msampha umene wosungayo wagweramo. Kuchitaya sangathe, kuchigulitsa si chake, kuchimana chakudya akuopa Allah. Mwini chiweto uja wagwiritsa ntchito chifundo cha mnzake ngati chingwe chomumangira.

Ndalama zimene wosungayo akuononga ndi ngongole. Mtumiki (S.A.W.) adaphunzitsa kuti kuzengereza kubweza ngongole uli nazo ndi kupondereza, ndipo tsiku lina adakana kuswalira janaza ya munthu wangongole mpaka Abu Qatada (R.A.) atalonjeza kuti aibweza. Paja akulu adati mlandu suwola. Tikumbukenso kuti m'chaka cha 622, usiku wa Hijra, adani atazinga nyumba, Mtumiki (S.A.W.) adasiya Ali (R.A.) ku Makka kuti abweze katundu amene anthu adamusungitsa. Ngati pothawa imfa amana idakumbukiridwa, kusamuka nyumba kapena kupeza ntchito kutali sikungakhale chifukwa choiwalira.

Tikudziwa kuti owerenga ena afika pano akung'ung'udza kuti nkhani yonseyi ndi ya agalu, ndipo galu ndi najisi. Zoona, kwa a Shafi'i galu ndi najisi, ndipo chiwiya chimene wanyambita chimatsukidwa kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi. A Maliki amaona kuti galu wamoyo ndi woyera. Hadisi zidalola kuweta galu wosakira, wolondera ziweto ndi wolondera munda, ndipo ma Ulama ambiri adaonjezapo wolondera nyumba pakakhala chifukwa. Koma lamulo la najisi likutiuza za kutsuka. Silikutipatsa chilolezo cha nkhanza. Abu Huraira (R.A.), amene dzina lake lomwe likuchokera pa kamphaka kamene ankayenda nako, ndi amene adatifotokozera za munthu amene adatsikira m'chitsime, natunga madzi ndi nsapato yake, namwetsa galu waludzu, ndipo Allah adamukhululukira machimo ake. Galu ameneyo sanali wake n'komwe. Nanga amene adachita kukatenga yekha galu n'kumumangirira pakhomo? Amene akuona kuti sangathe kukhala ndi galu asamutenge poyamba pomwe, ndipo palibe amene adzamufunse.

Kwathu kuno timati kuikiza

Makola olipira kuno ndi ochepa, koma khalidwe lija tili nalo, kungoti khola lathu ndi m'bale. Mnyamata akunyamuka kupita ku Johannesburg kukafuna ntchito, asiya mbuzi zitatu, nkhunda ndi galu kwa mayi ake okalamba, nati ndizitumiza kangachepe. Miyezi iwiri yoyamba atumizadi. Wantchito wa boma asamutsidwa, nasiya mphaka kwa woyandikana naye kuti adzamutenga akakhazikika. Banja lisamuka nyumba ya lendi usiku, galu n'kutsala pa unyolo kuseri. Wosungitsidwayo amachita manyazi kudandaula poopa kuononga chibale, ndiye mkwiyo wake umathera pa chiweto. Madeya akachepa, galu wa eni ndiye amayamba kumanidwa, kenaka amamasulidwa kuti adzionere yekha. Mwambi uja umati kupatsa n'kuikiza, koma suti kuikiza n'kupatsa. Mbuzi yoikizidwa ikadali ya mwini wake pamodzi ndi njala yake, matenda ake, ndiponso chimanga cha eni chimene yadya.

Kuno galu wotayidwa amabweretsa vuto limene ku Britain kulibe, matenda a chiwewe. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, makamaka mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse amawatenga kwa agalu. Mwa iwo muli ana ambiri. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, kuchira kumakhala kosatheka. M'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies lidabaya katemera agalu opitirira 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20, pofuna kufikira agalu 70 mwa 100 alionse, umene uli mlingo wodulira matendawa. Galu amene ali ndi mwini amatengeredwa kukatemera pa chingwe. Wopanda mwini amachita kuthamangitsidwa ndi ukonde, ndipo ena sagwidwa. Galu amene munthu wamutaya lero ndi amene mawa adzakumane ndi mwana akuchokera kumadrasa. Pamenepa tikumbutse makolo kuti mwana akalumidwa, bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuona ngati galuyo apenge.

Ku Lilongwe kuli bungwe la LSPCA ndipo ku Blantyre kuli BSPCA. Mabungwewa amabaya katemera, amachita opaleshoni yoti ziweto zisamangoswana, ndipo amafunira ziweto mabanja atsopano. Kupita kumeneko masana n'kunena zoona kuli bwino kuposa kusiya katoni ya tiana ta mphaka pachipata usiku.

Kusamala nyama zopanda mwini si nzeru yobwera ndi Azungu. Nyumba yotchuka ya Battersea ku London idayambitsidwa ndi mayi Mary Tealby m'chaka cha 1860, ndipo nyuzipepala ya The Times idamuseka. Zaka mazana asanu ndi limodzi izi zisanachitike, Sultan Baybars, amene adalamulira Egypt kuyambira 1260 mpaka 1277, adapereka munda wina ku Cairo ngati waqf wodyetsera amphaka osowa. Mngelezi wina, Edward William Lane, amene adakhala ku Cairo m'zaka za m'ma 1830, adapeza kuti phindu la mundawo lidachepa kwambiri, ndipo Qadhi wamkulu wa mzindawo ndiye ankalipira pafupifupi chakudya chonse chimene amphaka ankapatsidwa madzulo alionse pabwalo la milandu. Udindo utasowa mwini, udagwera woweruza, monga momwe mabuku a Fiqh adanenera.

Chaka chilichonse Masheikh athu amaphunzitsa opita ku Hajj kuti abweze ngongole, apemphe chikhululuko kwa amene adawalakwira, alembe wasiya, ndipo asiyire banja chakudya chokwanira. Tikupempha kuti pamaphunziro amenewa, ndiponso pamene achinyamata akudzatsazika kumzikiti kuti akupita kunja, funso la ziweto lizifunsidwanso. Woikiza anene momveka, pamaso pa mboni ziwiri, kuti chakudya ndi mankhwala alipira ndani, ndalama zake zizibwera motani, ndipo iye abwera liti. Anenenso chimene wosungayo achite tsikulo likadutsa popanda uthenga, kaya agulitse, kaya azinge, kaya atenge chikhale chake, kuti munthuyo asadzakhale womangika. Ngati ndi mbuzi, agwirizanenso za ana amene idzaswe mwini wake ali kutali, poti kukangana kwa pachibale kumakonda kuyambira pamenepo.